Mzere Wofiira pa Laputopu ya Injiniya

Ine, amene anthu a mumsewu wathu amangonditchula kuti Mayi a Makompyuta, wa zaka makumi anayi ndi zitatu, ndikupereka umboni uwu mwa kufuna kwanga. Dzina langa lenileni ndi kwathu mwakopera kale pa chiphaso changa pamwambapo. Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi mapulinta, ndipo shopu yanga ili kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi geti la polisi ino. Inu olemba, lembani momwe ndikulankhuliramu, musandikongoletsere mawu.

Lero m'mawa, nditangotsegula shopu, anabwera a Sajeni ofufuza milandu. Timadziwana, chifukwa pulinta ya mu ofesi mwawo ikakomoka ndimaitsitsimutsa ndine, ndipo imakomoka pafupipafupi. Anati ali ndi laputopu ya umboni yomwe ikukana kuonetsa chilichonse, ndiye ndikawathandize kuiyatsa. Ndinawafunsa kuti ndi yamtundu wanji. Anati, "Yolemera ngati njerwa, ija ya mainjiniya." Nditamva choncho ndinatenga chaja changa chachikulu, monita yaing'ono yoyendera batire, tochi, ndi fulashi yosungiramo mapulogalamu yomwe ndimayenda nayo, n'kutseka shopu.

Tikuwoloka msewu anandifotokozera mlandu wake. Kampani ina yoika mapaipi a madzi inkakumba ngalande kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Mmodzi mwa okumbawo anamenya ndi piki nthambo yaikulu ya magetsi yodutsa pansi pa nthaka, ndipo anafera pomwepo. Amene anathira laimu posonyeza pokumba ndi akapitawo, ndiye iwowo ndi amene anatsekeredwa m'chitokosi. Akapitawo ankati anatsata pulani ya mu laputopu, ndipo pa pulaniyo panalibe nthambo iliyonse. Injiniya amene anajambula pulaniyo ankati nthamboyo anaiikapo, mzere wofiira wodukaduka, woti ngakhale mwana angauone. A Sajeni anati mzerewo ukapezeka, akapitawo akayankha mlandu wophetsa munthu chifukwa chosasamala. Anawonjezera kuti awiriwo ndi pachibale. Injiniyayo ndi mwana wa mlongo wawo wa akapitawo, ndipo amene anamulera ndi kumuphunzitsa ndi iwo omwewo.

Mu ofesi ya a Sajeni muli tebulo limodzi, mipando yosafanana, kabati ya mafayelo, ndi soketi imodzi yokha yogwira ntchito, kuseri kwa chitseko. Laputopu inali pa tebulo, m'jumbo yomata. Akapitawo anakhala pa benchi ya kukhoma, unyolo uli m'manja. Ndi bambo wachikulire, wa imvi, ndipo nsapato zawo zinali mbuu ndi dothi, zingwe atazichotsa. Injiniya anakhala cha pazenera, malaya ositidwa bwino, koma maso ali psuu. Awiriwo sankayang'anana.

A Sajeni anang'amba jumbo ija tonse tikuona. Ndinafunsa chaja chake. Injiniya anati chinatsala ku ofesi kwake, chifukwa kokumbako kulibe magetsi, ndiye amalume ake anangotenga laputopu yokha batire lili lodzaza. Ndinazula ketulo ya a Sajeni pa soketi n'kulumikiza chaja changa. Nditadina batani, fani inalira, timagetsi ta pa mabatani tinayaka, koma sikirini inali bii. Ndinadikira. Bii. Ndinaunika ndi tochi pafupi ndi galasi, chifukwa nthawi zina chithunzi chimakhalapo koma nyale ya kumbuyo yafa, ndiye ukaunika umachiona mwachimbuuzi. Panalibe kanthu. Ndinaizimitsa, kugwira batani kwa kanthawi, kuiyatsanso. Chimodzimodzi. A Sajeni anayamba kuyang'ana wotchi yawo. Ndinawauza kuti ngati akufuna zachangu aimenye ndi chibonga chawo, koma ngati akufuna kuti iyake andisiye ndigwire ntchito.

Kenako ndinalumikiza monita yanga ija, ndipo chithunzi chinatulukira pamenepo. Apo ndinadziwa kuti makina ndi amoyo. Batire linathera m'jumbo makina ali mtulo, ndiye podzuka anasokonezeka, osadziwa kotumiza chithunzi. Ndinadina mabatani obwezera chithunzi pa sikirini yake. Inaphethira, n'kuyaka bwinobwino.

Pano ndifotokoze pang'ono, chifukwa popanda izi zotsatirazo simuzimva. Malaputopu a mainjiniyawa amakhala ndi makhadi awiri ojambulira zithunzi. Ina ndi yaikulu, yamphamvu, koma imadya magetsi ngati mbaula. Ina ndi yaing'ono, yosunga batire. Khadi iliyonse ili ndi kapulogalamu kake koiuza zochita, ife timati diraiva. Mwachizolowezi ndinasuzumira kuti ndione ngati onse ali bwino. Diraiva ya khadi yaing'onoyo inali yakale kwambiri, ndipo pakona pa sikirini panali kauthenga kopempha kuti aikemo yatsopano. Ife okonza tikaona diraiva yakale manja amayabwa. Dzanja langa linali litafika kale pa fulashi, koma a Sajeni anandigwira pa mkono. Anati, "Mayi, kuyatsa kokha. Musasinthe kanthu, ndi umboni umenewu." Ndinang'ung'udza, koma fulashi ndinaibweza m'thumba osailowetsa.

Injiniya analemba nambala yake yachinsinsi n'kutsegula pulani. Kumbuyo kwake kunali kwakuda. Nyumba zinali mizere yoyera, ngalande inali mzere wabuluu wowongoka, ndipo chapakati, wodutsa mopingasa ngalandeyo, panali mzere wofiira wodukaduka. Unalipo ndithu. Ngakhale ine wosadziwa za mapaipi ndinauona ndisanauzidwe.

A Sajeni anauza akapitawo kuti ayandikire. Bamboyo anaimirira, kuwerama, nkhope pafupi ndi galasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Uwu sunalipo."

Injiniya anati, "Amalume, pulani ndi yomweyo. Onani tsiku lake, sindinaigwirenso."

Iwo anati, "Iwe, mapaipi ndinayamba kuika usanabadwe. Ndikatsegula pulani, choyamba chomwe ndimafuna ndi chofiira. Laputopu ndinaiika pa boneti ya galimoto, ndinaphimba ndi jekete kuti dzuwa lisandisokoneze, ndinayang'ana kuyambira uku mpaka uko. Panalibe."

Injiniya anayankha motsitsa mawu, akuyang'ana pansi. Anati, "Amalume, magalasi anu aja ndinakuuzani kalekale kuti tikasinthe."

Mawu amenewo ndi omwe anawathyola akapitawo. Anabwerera pa benchi, kukhala pansi ngati thumba, n'kumayang'ana manja awo. Anati, "Ndiye kuti ndi maso angawa. Mwana wa eni ndamupha ndi maso angawa." Anabwereza mawu omwewo kangapo. Ine panthawiyo ndinali nditapsa mtima, poganizira munthu amene anafera m'ngalande, ndipo ndinalankhula zomwe sanandifunse. Ndinati, "Bambo, mukanangovomera kale m'malo motizunguza tonse." Lembani zimenezonso, ndinanenadi.

A Sajeni anatulutsa pepala kuti alembe mawu a akapitawo ovomera, ndipo anawamasula dzanja limodzi kuti adzasaine. Anandiuza kuti ntchito yanga yatha. Ndinazula monita yanga n'kukulunga chingwe chake. Pulani inali ikadali pa sikirini ya laputopu, mzere wofiira uli pomwepo. Kenako ndinapita kuseri kwa chitseko kukazula chaja changa, poti batire linali litadzaza pang'ono ndipo ku shopu makasitomala ankandidikira. Ndinazula nditawafulatira onse.

Ndinangomva kukuwa. "Icho! Icho! Ndi chimene ndinaona ine!"

Anali akapitawo, ataimirira, akuloza ndi dzanja lolendewera unyolo. Ndinatembenuka chaja chili m'manja. Abale inu! Pa sikirini nyumba zinalipo, mzere wabuluu unalipo, manambala onse analipo, koma mzere wofiira kunalibe. Pamene unadutsa panali pakuda, poyera bwino ngati sipanakhalepo kanthu. Palibe amene anali pafupi ndi makinawo. Injiniya anali pazenera, a Sajeni anali ndi cholembera m'manja. Ndakonza makompyuta zaka zambiri, ndaona masikirini a mizeremizere, ofiira okhaokha, ozondoka, ophethira ngati a munthu wa tulo, koma chinthu chimodzi chokha kusowa zina zonse zili bwinobwino ndinali ndisanachionepo.

Kenako a Sajeni anati, "Mwachita chiyani, mayi?" Ndinawaonetsa chaja. Anati, "Bwezerani." Ndinabwezera pa soketi. Sikirini inaphethira, kuda kamphindi, n'kuyakanso, mzere wofiira uli pomwepo. Anati, "Zulani." Ndinazula. Inaphethiranso, mzere wapita. A Sajeni anaponya cholembera pa tebulo, kundikankhira pambali, n'kuyamba kuzula ndi kubwezera okha, dzanja lina akujambula ndi foni yawo. Nthawi zonse zinkachitika chimodzimodzi. Anatukwana mawu amene sindiwabwereza pano.

Mtima utatsika pang'ono ndinapempha kuti ndione chomwe chikuchitika, osasintha kanthu. Ndinatsegula pamene pamaonetsa khadi yomwe ikugwira ntchito. Chaja chikakhala cholumikiza, ikujambula ndi khadi yaikulu. Chikazulidwa, makina akusamukira ku khadi yaing'ono kuti asunge batire, ndipo khadi yaing'onoyo, ndi diraiva yake yakale ija, sikujambula mizere yodukaduka. Kuti nditsimikize ndinapempha injiniya atsegule pulani ina, ya malo ena. Zinali zomwezo. Mizere yolunga yonse imatsala, yodukaduka yonse imasowa. Ndiye kuti injiniya, pa tebulo lake ku ofesi, chaja chili m'soketi, mzerewo ankauonadi. Akapitawo, pa boneti ya galimoto, makina akuyendera batire, sakanauona ngakhale akanavala magalasi atsopano. Onse awiri ankanena zoona.

Ndinatembenukira kwa akapitawo ndi manyazi, n'kunena kuti, "Bambo, pepani, ndinalankhula mopusa." Sanandimve n'komwe. Ankaseka misozi ikutsika, akugwira maso awo ndi zala, akunena kuti, "Si maso anga. Bwana, mwaona? Si maso anga." Ine ndinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, ndipo ndinayamba kusangalala nawo.

Koma a Sajeni anali atatembenukira kwa injiniya. Anamufunsa kuti, "Laputopuyi ndi ya ndani?" Iye anati ndi ya kampani, koma amagwiritsa ntchito ndi iye yekha. Anamufunsa ngati ankadziwa kuti imachita zimenezi. Injiniya anali ataimirira, nkhope itatuwa, akuyang'ana pakuda paja. Anayamba kulankhula ngati munthu wolota, ndipo sindikukhulupirira kuti ankadziwa kuti tonse tikumva. Anati, "Imaphethira ndikazula chaja. Yakhala ikutero kwa miyezi. Kauthenga kaja kamabwera m'mawa uliwonse, ine ndimangodina kuti mawa, chifukwa ntchito imakhala yambiri. Tsiku lina ndili m'galimoto mzere wa mpanda unasowa pa pulani ina, koma nditafika ku ofesi unabwerera, ndiye ndinaiwala." A Sajeni anafunsa kuti kodi kokumba amapita ndi laputopu nthawi zonse. Iye anati, "Ayi. Lamulo ndi loti pulani isindikizidwe pa pepala. Tsiku limenelo makina osindikizira analibe inki, ndiye ndinawapatsa amalume laputopu."

Akapitawo anasiya kuseka. Anati, "Iwe, khala chete."

Injiniya anapitiriza kuti, "Ndinawapatsa ndine. Ndikanadina kamodzi kokha..."

Bamboyo anakuwa mpaka wapolisi wa pakauntala anasuzumira pakhomo. Anati, "Ndati khala chete! Ndine malume ako!"

A Sajeni anali atatenganso cholembera, koma pepala lomwe anakoka linali latsopano, ndipo mpando anautembenuzira kwa injiniya. Akapitawo anayang'ana pepalalo, anayang'ana mwana wa mlongo wawo, kenako anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya. Analankhula modekha kwambiri, ndipo mawu awo ndikuwakumbukira bwino. Anati, "Bwana, ndakutayitsani nthawi. Mzerewo ndinauona. Ndinauona tsiku lomwelo pa boneti, koma ndinkafuna timalize msanga, ndiye ndinati tidutsa pamwamba. Bweretsani pepala lija ndisaine."

A Sajeni anati, "Bambo, kuyambira tsiku lomwe tinakugwirani mwakhala mukulumbira kuti simunauone." Iwo anati, "Ndinkaopa ndende. Tsopano ndikunena zoona." Injiniya anati, "Amalume, ayi, musatero," koma bamboyo sanamuyang'ane.

A Sajeni anazula chaja, kudikira kuti sikirini iphethire, n'kutembenuzira laputopu kwa akapitawo. Anati, "Chabwino. Makina ali pa batire, ngati tsiku lija. Tisonyezeni mzerewo." Bamboyo anawerama, kuika chala chawo chokhakhala pa galasi, pakuda pomwe panalibe chilichonse, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono mopingasa ngalande. Anati, "Uwu. Ndikuuona bwinobwino. Wofiira." Mayo ine! Sindinaonepo munthu akunama chonchija, maso ali gwa, podziwa kuti tonse tikuona kuti palibe kanthu.

A Sajeni anapuma mozama. Anati munthu wovomera yekha savuta kumutengera ku khoti, ndipo kanema wa pa foni loya aliyense angathe kunena kuti makina anasokonezeka lero, pamene wokonza ankawagwiragwira. Anati zonse zatsamira pa umboni wanga, woti ndinasintha kanthu kapena ayi, ndiponso woti munthu angauone mzerewo pa batire kapena ayi. Laputopu anaimata m'jumbo yatsopano, n'kundiuza kuti ndibwere m'chipinda chino kuti inu mundilembe. Injiniya anatsala ndi a Sajeni mu ofesi. Akapitawo anawatulutsa n'kuwakhazika pa benchi ya m'khonde.

Ndikudutsa pa benchipo, bamboyo anandigwira mkono wa bulauzi. Analankhula monong'ona. Anati, "Mayi, muli ndi ana?" Ndinati ndili nawo. Anati, "Ndiye mundimva. Mayi ake a mnyamatayu anandisiyira ali wamng'ono. Mkazi wake ndi woyembekezera. Akalowa m'ndende, mapepala ake a sukulu atha ntchito, palibe adzamulembenso. Ine ndatha kale, kwanga n'kudikira tsiku. Mukangonena kuti mwina munadina penapake makina n'kusokonezeka lero, basi. Mwina chabe. Palibe angakumangeni chifukwa cha mwina." Anayamba kutsetsereka pa benchi kuti agwade, bambo wa msinkhu wa atate anga, unyolo ukulira. Ndinawagwira m'mapewa kuti asafike pansi. Ndinangomasula zala zawo pa bulauzi yanga n'kulowa muno.

Ndiye lembani izi momveka. Mu laputopu ija sindinasinthemo chilichonse. Fulashi yanga sinalowemo, ndipo a Sajeni anali pambali panga nthawi yonse. Diraiva ya khadi yaing'ono ndi yakale, tsiku lomwe inaikidwa likuoneka m'makinamo, ndipo ndi lakale kuposa tsiku la ngozi. Vutoli silinayambe lero. Makinawo akakhala pa batire mzere wofiira suoneka kwa munthu aliyense, wa maso abwino kapena oipa. Ndikupemphanso kuti laputopuyo asailumikize pa intaneti, chifukwa ikangodziikira yokha diraiva yatsopano vutolo litha, ndipo umboni utha nalo limodzi. Za injiniya, kaya ndi mlandu kaya si mlandu, si ntchito yanga. Ndangobwereza zomwe ananena yekha, ndipo mtima ukundiwawa pozibwereza.

Koma akapitawo mzere uja sanauone. Akunama, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Munthu amene anafera m'ngalande uja nayenso ali ndi abale, ndipo sindingawapatse bodza kuti ndilo linapha munthu wawo. Bamboyo ali pa benchi panjapo, ndikuwaona pa galasi la chitsekochi, akundiyang'anabe. Ndikasaina apa atuluka m'chitokosi, ndipo ndikudziwa kuti sadzandikhululukira. Ndipatseni cholembera.

Zomwe ndinaona ndi kumva zathera pamenepa. Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni, wokonza makompyuta: ______________________

Wolemba umboni: ______________________